Lamba wa ba Yotamu

Ndinatsika basi pa Kafue mvula itangokata. Belo limodzi la salaula, zovala za kaunjika, mutu ukuwawa. Ine sindikhalitsa pamodzi. Nakonde, Chirundu, Livingstone, Lusaka. Kafue ndimangodutsa. Ndimagona kwa akulu anga, ba Yotamu, ku Nangongwe. Kukacha ndapita.

Chaka chimenecho fakitale ya nsalu inali itadula anthu. Ba Yotamu anali m'gulu loyamba. Unyamata wawo wonse unathera pa makina oluka. Anangowagwira chanza pageti.

Mlamu wanga Emelia sanalire nthawi yaitali. Anakhoma kantemba pafupi ndi poimira maminibasi. Nshima, nsomba za ku Chanyanya, vitumbuwa, tiyi. Odya anali madalaivala ndi makondakitala. Ba Yotamu anapatsidwa mpando pakhomo, pambali pa chiwaya. Ntchito yawo inali kukhala.

Anali munthu wamkulu thupi. Khosi la magawo atatu. Mimba yofika pamaondo akakhala.

"Onani bashi Favour," Emelia ankauza odutsa, akuloza mwamuna wake, bambo a mwana wawo Favour. "Nshima yanga ndiye iyo. Mufuna umboni wina?"

Anthu ankaseka n'kulowa.

Zaka zimenezo munthu ankayamba kukuyang'ana khosi asanakupatse moni. Maliro anali sabata ndi sabata. Matenda aja sankatchulidwa dzina. Ankangoti wayamba kutha. Wonenepa analibe mlandu. Pakhomo pokhala wonenepa unkadya mtima uli pansi.

Ulendo umenewo ndinapeza ba Yotamu atagwa. Anagwa pampando pomwepo, masana, kapu ili m'manja. Kukiliniki anati shuga ndi bipi. Anawapatsa mapiritsi. Anawauzanso kuti Lachinayi akaonane ndi mayi wina wochokera ku Lusaka.

"Mulamu, muwaperekeze," anatero Emelia. "Ine mapoto sangaziphike okha. Mukawasiya okha bazakhotera ku bawa."

Ndinakhala. Belo linadikira.

Chipinda chake chinali kumbuyo kwa kiliniki, kupitirira thanki ya madzi. Mipando itatu. Sikelo pakona. Mayiyo dzina lake ba Mwila. Katswiri wa zamaganizo, wothandiza odwala kusintha kadyedwe ndi kakhalidwe. Wamfupi, nsapato zafumbi. Analibe chovala choyera. Analibe nyeleti yobayira odwala.

"Muli shani, ba Yotamu? Uyu ni ndani?"

"Mufana wanga Lighton. Agulitsa zovala za azungu akufa. Ndiye anatseka fakitale yathu uyu."

"Nsalu zanu zinali kuchucha utoto, bakulu," ndinatero.

Ba Mwila anaseka. Kenako anakokera mpando pafupi.

"Ba nesi banakuuzani kuti muleke shuga, muleke mafuta, muleke muchele?"

"Banakamba."

"Mwaleka?"

"Iyayi."

"So ine nikabwereza, nizangotaya mate. Niuzeni chabe za dzulo. Kuyambira pamene munauka."

Ba Yotamu anandiyang'ana ngati ndawabweretsa kwa wamisala. Koma anayamba. Amadzuka nthawi ya hutala wa kufakitale, ngakhale hutalayo sawaitananso. Amasamba. Amavala nsapato za kuntchito. Amamanga zingwe. Kenako amakakhala pampando.

"Chitumbuwa choyamba nimalawa ine. Vophwanyika ni vanga. Sitingagulitse vophwanyika."

"Viphwanyika vambiri?"

"Bana Favour ali na dzanja lolemera," anatero, akunena Emelia, mayi ake a Favour.

"Nanga tiyi?"

"Dalaiva akabwera, nimwa naye. Munthu sangamwe yekha monga mfiti."

"Madalaivala ni angati?"

"Kafue yonse."

"Shuga?"

"Mpaka mtima ukhale pansi."

Ba Mwila sanadzudzule. Anangogwedeza mutu. Kenako anafunsa funso limene linawakwiyitsa.

"Mufuna kuchira chifukwa chani?"

"Funso lotani limenelo? Pali munthu afuna kufa?"

"Aliyense akamba so. Ine nifunsa imwe."

Panja mwana ankalira pa mzere wa sikelo. Ba Yotamu anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali.

"Wilibala," anatero.

"Mukwai? Mwati chani?"

"Ku Nangongwe wodwala bamupereka kuno pa wilibala. Ija yotutira malasha. Miyendo ili lende, bana bakutsatira kumbuyo. Ine ninali kuyendetsa makina aakulu kupambana nyumba ino. Sinifuna kukwera wilibala."

"Basi. Tigwire pamenepo," anatero ba Mwila. "Manje sankhani chinthu chimodzi. Chaching'ono. Chamene mungachite ngakhale tsiku loipa."

Ba Yotamu sanachipeze. Ba Mwila analoza pansi.

"Nsapato izo mumavala kale m'mawa uliwonse. Zinali kupita kuti?"

"Ku geti."

"Zilekeni zipite."

Zinayamba choncho. Kuyenda kukafika pageti ya fakitale n'kubwerera. Sabata yotsatira ba Mwila anaitanitsa Emelia. Mpando unachoka pambali pa chiwaya, unapita pansi pa mtengo. Vitumbuwa vophwanyika vinayamba kupita kwa ana a sukulu. Shuga sanamuletse tsiku limodzi. Ankachepetsa pang'onopang'ono mpaka lilime linaiwala. Akaphonya, ba Mwila sankakalipa. Ankafunsa chimene chinachitika tsikulo, n'kukonza pomwepo.

Ine ndinanyamula belo langa. Mazabuka, Choma, Livingstone.

Ndinabwerera m'nyengo yozizira. Ba Yotamu anandidzutsa ndi phazi.

"Uka, iwe wa zovala za akufa. Tiye ku nchito."

Tinayenda. Nkhungu ya kumtsinje inali isanachoke. Ba Yotamu anali patsogolo, manja akuponya. Ine wa maulendo ndinkapuma mwaphuma. Panjira anatipeza ba Harrison, mnzawo wa pa makina, nawonso odulidwa. Anali atayamba kuyenda nawo. Awiriwo ankatukwana mabwana akale mayina awo onse, mmodzimmodzi, akuseka.

Pageti panali udzu wofika m'chiuno. Loko wadzimbiri. Ba Yotamu anamenya chitsulo ndi chikhatho.

"Nafika, bwana. Sininachedwe."

Tinatembenuka.

Kunyumba anavula lamba. Anatenga msomali ndi mwala. Anaboola bowo latsopano, n'kundionetsa ngati mendulo.

"Usiku nigona, Lighton. Siniukanso kukataya madzi monga mbuzi. Maso ayera. Niona nambala ya minibasi ili kutali uko."

Sindinawaonepo okondwa choncho chichotsedwereni ntchito. Ndinapita ku Nakonde mtima uli mbee.

Mwezi wa Okutobala ndinakwera minibasi ku Lusaka. Dzuwa lowotcha. Tikuyandikira Kafue ndinafunsa kondakitala, mwachinyengo chabe, kumene munthu angadye nshima yabwino.

"Kulikonse, mudala. Koma osati paja pa bana Favour."

"Chifukwa?"

Anatsitsa mawu. "Bamuna bake bayamba kutha. Munthu anali so." Anatambasula manja. "Manje kolala ya shati ilendewera. Ndipo bamuona Lachinayi lililonse alowa ka chipinda ka kumbuyo ku kiliniki. Mukaziba kaja?"

Ndinkakadziwa. Masiku ena onse chipinda chomwecho ankalangiziramo anthu opezeka ndi matenda aja. Ba Mwila ankangobwereka Lachinayi.

"Mukazi wake ndiye aphika," anapitiriza kondakitala. "Akazicheka na mpeni? Ine nikali mwana, mudala."

Ndinatsika.

Kantemba kanali zii. Ntchentche pa nsomba. Nshima itauma m'poto. Emelia anakhala pa benchi ya makasitomala, manja pamiyendo.

"Mwabwera, mulamu. Idyani. Idyani yonse, palibe wina."

Anandiuza zonse. Madalaivala anasamukira kwa mayi wa tsidya la msewu. Ba Harrison analeka kuyenda nawo, ati bondo. Achinyamata a kutchalitchi anabwera osaitanidwa, ndi gitala, kudzathamangitsa mzimu wa imfa. Anapemphera mofuula kuti msewu wonse umve. Favour, mwana wawo, anabwera kusukulu akulira. Anzake anakana kumwera naye botolo limodzi.

"Simunawauze kuti ni shuga?"

Ba Yotamu anali pansi pa mtengo, atavala jekete m'kutentha konseko. Anaseka mouma.

"Aliyense akamba shuga, Lighton. Uja Gershom wa ku Estates anakamba shuga. Tinamuika mu Ogasiti."

Nkhope yawo inali yosalala. Maso owala. Sanakhalepo wathanzi choncho. Ndipo tauni yonse inali itawakonzera kale bokosi.

Lachinayi tinapita atatu. Emelia anatseka kantemba. Panalibe choti ataye.

Sanadikire moni.

"Ba Mwila, munanibwezera mwamuna. Zikomo. Manje nimuphike? Tidye yeve?"

Ba Mwila anamusiya alankhule. Analankhula nthawi yaitali. Za nsomba zowola, za gitala, za botolo la Favour. Atatha anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwakamba zoona, bana Favour," anatero ba Mwila. "Ninapempha chipinda china kuchokera pa chiyambi. Kulibe. Koma ninafunika kukuchenjezani za pakamwa pa anthu thupi likayamba kutsika. Sininachite. Tiyeni tione chamene chingachitike manje."

Anayala njira zake modekha. Akhoza kubwera kutchalitchi kudzafotokoza za shuga.

"Mukazi wa ka chipinda aka aime pa guwa kukamba za ine?" anatero ba Yotamu. "Ndiye kuti mwasaina kuti ni zoona."

Ba Yotamu akhoza kukayezetsa magazi, anthu aone okha.

"Wopita kukapimisa ni uja azikayikira. Bazakamba kuti pepala ninagula."

Akhoza kuimitsa thupi pamene lafikapo. Osatsikanso. Chofunika ndi shuga wa m'magazi, osati sikelo.

"Anthu saona magazi, mayi. Baona khosi."

Ba Mwila anafunsa mofatsa.

"Nanga wilibala?"

Ba Yotamu anayang'ana kukhoma.

"Wilibala ni ya mailo, ya kutsogolo. Favour afunika kudya lelo."

Ndinkayembekeza kuti awaopseza. Impso, maso, mwendo. Anawauza zimenezo kamodzi, momveka, osakweza mawu. Anafunsa ngati amva. Anati amva.

"Moyo ni wanu, ba Yotamu. Ine siningakumangeni. Koma munthu akagwa mu mtsinje sataya vonse vili m'manja. Pa vonse vamene mwaphunzira, ni chiti chamene simuzaleka?"

"Kuyenda siningathe. Kuyenda ndiye kunidya thupi."

"Chabwino. China?"

Anaganiza.

"Tiyi. Shuga manje inimvetsa mseru."

"Gwirani tiyi. Na mapiritsi. Ndipo ngati simungabwere kuno, ine nizapeza njira."

Loweruka m'mawa ba Yotamu ananyamula mpando pansi pa mtengo. Anaubweza pakhomo, pambali pa chiwaya. Anavula jekete. Anaitanitsa nshima ya anthu atatu ndi nyama ya nkhumba, ija yamafuta oyera. Anadya poyera, msewu wonse ukuona.

Sanadye ngati munthu wanjala. Anadya ngati munthu ali pa shifiti. Thukuta likutsika. Nsagwada zikugwira ntchito. Maso ali patsogolo.

"Ba dalaiva!" anafuula kwa wina wodutsa. "Wodwala adya so? Bwerani muone!"

Dalaivalayo anaseka, osaima. Emelia anawonjezera nthongo ina m'mbale. Sanayang'ane mwamuna wake.

Ndinalephera kuonerera. Masana omwewo ndinakwera thiraki ya ku Chirundu.

Ndinakhalitsa. Kafue ndinkaidutsa ndili pa zenera, mutu nditaweramitsa. Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Ndinagulitsa majekete ku Kapiri, nsapato ku Monze. Ndinkadziuza kuti ndilibe nthawi.

Tsiku lina basi inafera pa Kafue penipeni. Lachitatu, madzulo. Ndinatsika.

Kantemba ndinakasowa poyamba. Kanali ndi malata atsopano. Mabenchi awiri owonjezera. Maminibasi ataima mzere, wailesi ikulira. Utsi wa nsomba. Emelia ankathamanga ndi mbale, mtsikana wantchito kumbuyo kwake.

Pakhomo panali ba Yotamu. Aakulu kuposa kale. Khosi litabwerera lonse. Phazi lamanzere linali pa kireti ya zakumwa, lokulungidwa bandeji ndi chitenje pamwamba.

Ndinaima patsogolo pawo. Anandiyang'ana. Sanandidziwe.

"Lowani, bwana, nshima ikali yopya."

"Bakulu, ndine."

"Lighton?" Anatambasula dzanja, kufufuza mkono wanga. "Wa zovala za akufa! Bana Favour, nyama yako yabwera!"

Kondakitala wina anandigunda paphewa. Anali yemwe uja wa mu minibasi. Sanandikumbukire.

"Aba ni ba Manija, mudala. Banatiopsa chaka chija. Tinayesa bapita. Kansi inali chabe maganizo ya nchito. Onani manje! Njovu!"

Anawasisita pamimba. Onse anaseka. Ba Yotamu anaseka nawo.

Ndinakhala pambali pawo. Lamba anali yemwe uja. Anamangidwa pa bowo lakumapeto, movutikira. Bowo la msomali linali patali, chakumbali, lopanda ntchito.

"Phazi?"

"Kachilonda chabe. Chala chimodzi banachotsa. Chinali kunichedwetsa."

Emelia anabweretsa makapu awiri. Ba Yotamu anatenga supuni, anaiviika m'chitini cha shuga, anaitulutsa, anatakasa mwaphokoso. Ngwe ngwe ngwe. Madalaivala onse anamva. Ine ndinali pafupi. Supuniyo inatuluka m'chitini yopanda kanthu.

Anandipatsa kapu yawo kuti ndilawe. Yowawa.

"Usakambe," ananong'ona.

"Ba Mwila mumaonana?"

"Lachinayi lililonse. Akatsiriza ku kiliniki abwera kuyembekeza minibasi pano. Agula chitumbuwa chimodzi monga kasitomala. Ankala apo uli iwe. Afunsa chabe, tiyi ili shani? Nikamuyankha, afunsanso china. Ndiye ananinyengerera kuti nizipita kukatsukisa chilonda. Ninali kukana. Manje afuna nichepetse muchele. Ati palibe munthu aona muchele." Anapumira m'mwamba. "Mukazi uja satopa."

Dzuwa likulowa ndinapita kuseri kukasamba m'manja. Emelia ananditsatira. Anali ataonda iyeyo. Palibe amene ankaona.

"Mulamu, mupita liti?"

"Basi ikakonzeka. Mwina m'mawa."

"Mailo ni Lachinayi. Tsiku lotsuka chilonda." Anagwira m'chiuno. "Musana wanga watha. Favour ni mwana. Ba Harrison tingawapemphe bwanji? Timapita kukali mbandakucha, madalaivala bakalibe kubwera."

Sindinamvetse. Kenako ndinaona chimene ankayang'ana.

Wilibala inali itatsamira khoma, kuseri kwa matumba a malasha. Yotsukidwa bwino. Mkati munali thumba lopinda ndi pilo wakale. Pa gudumu panali mafuta atsopano kuti isalire.

Basi inakonzeka m'mawa. Ndinaimva ikuliza hutala kumsewu waukulu. Belo langa linali pansi pa bedi.

Tinawakweza awiri, ine ndi Emelia. Chitsulo chinalira. Miyendo inalendewera kutsogolo. Anali atavala nsapato ya kuntchito phazi limodzi, zingwe zomanga bwino.

"Nifunditseni," anatero.

Emelia anawaphimba ndi chitenje mpaka kumutu. Ukaona patali unkayesa katundu wa kumsika.

Ndinagwira zogwirira. Zinali zolemera kuposa belo lililonse limene ndinanyamulapo. Tinatuluka m'Nangongwe, matope akugwira gudumu. Nkhungu ya kumtsinje inali isanachoke. Pamphambano, njira ya kufakitale inakhotera kumanja. Ife tinapita kumanzere.

Mawu anatuluka pansi pa chitenje.

"Lighton."

"Bakulu."

"Pali bana kumbuyo?"

Ndinacheuka. Analipo awiri, a yunifolomu, ataima pa ngalande akutiyang'ana.

"Kulibe, bakulu."

"Kankha msanga."

Ndinakankha.